Mlendo Wolowera Kumtsinje

Kwathu kuno ku chigwa cha Swan, mlendo akafika pamunda wa mphesa wa a Stipe Peranich sayamba ndi moni. Amayamba ndi beseni. Lili pageti pomwepo, lodzaza madzi a mankhwala onunkha, ndipo mwini munda amaima pambali pake manja ali kumbuyo, kudikira kuti uviike nsapato zako. Kaya ndiwe wansembe, kaya wodzawerenga mita ya magetsi, funso ndi limodzi: "Mapazi amenewa achokera kuti?"

Alendo amaseka poyesa ndi nthabwala za nkhalamba. Ife eni kuno sitiseka. Pali nsabwe zina zing'onozing'ono zimene zimadya mizu ya mphesa, ndipo zimayenda ndi dothi lomata kunsapato. Nsabwe zimenezi ndi zimene zinapha minda ya makolo athu ku Dalmatia, mpaka anthu kuthawa njala n'kuwolokera kuno. Kuno sizinafike, koma kum'mawa, m'madera ena a ku Victoria, zilipo. N'chifukwa chake bambo awo a Stipe, atadzala mizere yawo ya m'mbali mwa mtsinje, analumbiritsa mwana wawo kuti phazi losatsuka lisadzapondemo.

Vuto linali lakuti mwana yekhayo wa a Stipe, Damir, anakonda mkazi amene bambo ake sankafuna kumva ngakhale dzina lake. Renae Hollis anali wa m'tauni ku Perth, sanali wa mtundu wathu, ndipo banja lake loyamba linatha. A Stipe ananena poyera kuti tsiku limene mkaziyo adzafike, iwo adzaima pageti ndipo sadzadutsa. Damir ankamufuna Renae, koma ankaufunanso munda, ndipo ankadziwa kuti akakwatira bambo ake asanavomere, munda wapita. Chaka chinatha, china n'kulowa, iye akungoti, "Dikira pang'ono, ndiwanyengerera." Mapanga awiri avumbwitsa, koma mnyamata ameneyu sankamva.

*

Lamulungu lina masana awiriwa anakhala pa kapinga m'mbali mwa mtsinje ku Perth. Renae anali atangobwera kumene kuchokera ku ukwati wa mnzake ku Victoria, ndipo Damir anali atalunda.

"Ndiye sufuna kuona ngakhale chithunzi chimodzi?" anafunsa Renae, foni ili m'manja.

"Ndione chiyani? Mwamuna wako wakale atamanga tayi?"

"Iwe, Craig anaitanidwa ngati mmene ndinaitanidwira ine. Ukwati sunali wanga."

"Munavina."

"Wakuuza ndani?"

"Nkhani zili ndi miyendo."

"Miyendo yake ndikuidziwa. Imavala masiketi aafupi, dzina lake ndi Vesna." Renae anaponya foni m'chikwama. "Eya, ndinavina naye. Ndinavinanso ndi agogo ake a mkwati, amene alibe dzino ndi limodzi lomwe. Ukanabwera, ukanavina nane ndiwe. Koma iwe unakwatira kale, unakwatira mphesa."

"Inali nthawi yokolola, Renae."

"Nthawi zonse ndi nthawi ya chinachake. Yodulira, yothirira, yokolola. Nanga yanga ndi iti?" Misozi inalengeza koma sanaipukute. "Loweruka kwanu kuli phwando lotsekera kukolola. Usakane, ndikudziwa. Ukapanda kundiimika pamaso pa bambo ako tsiku limenelo, usadzandiimbirenso. Ndatopa kukhala chibwenzi chotsitsidwa pakona."

Damir anaponya maso kumadzi. Pamtsinje pankadutsa boti la alendo opita kukalawa vinyo kuchigwa, anthu akukweza matambula ndi kuseka. Analiyang'ana mpaka linakhota, kenako nkhope yake inamasuka.

"Pageti sangakulole," anatero. "Koma munda wathu uli ndi khomo lina. Kumtsinje kuli kadoko kakale kamene anamanga dida, agogo anga. Tikwere boti. Tikatsika pamenepo tidutsa m'mizere, tikatulukira kuseri kwa nyumba anthu atakhala kale patebulo. Tata sangathamangitse mlendo amene wafika patebulo. Kwathu zimenezo n'zochititsa manyazi kuposa kuba."

"Ndiye ndilowe ngati mbava?"

"Ulowe ngati mkazi wanga."

Mawu amenewo ndi amene anamugwetsa Renae. Anali atawadikira nthawi yaitali, moti sanafunsenso kuti mwamuna amene akuopa geti la bambo ake angadzamuteteze bwanji m'nyumba.

*

Boti lokhalo limene limaloledwa kuima pa kadoko ka a Peranich ndi la mchimwene wake wa Vesna, ndipo wokonza maulendo ake ndi Vesna yemweyo. Mtsikana ameneyu anakulira munda woyandikana nawo. A Stipe anayamba kumutchula kuti mpongozi adakali pasukulu, ndipo iye anazitenga zenizeni. Mwamuna wanzeru sakanapita kwa Vesna ndi nkhani yotere. Damir anapita, n'kumutenganso Renae.

Anakumana pamalo omwera khofi pafupi ndi pokwerera maboti. Vesna anadzuka manja atatambasula.

"Ndiye uyu ndi Renae! Mayo ine, zithunzi zimakuchepetsa, pamaso ndiwe chiphadzuwa. Damir, unkatibisira chifukwa chiyani?"

Anakhala pansi, Vesna n'kuyamba kulongosola ngati wakhala akuganizira ulendowu kwa mwezi wathunthu.

"Tinyamuka m'mawa kusanatenthe. Abale a ku Fremantle akwera nafe, azakhali a Damir, teta Milka, ndi gulu lawo. Iwowo tikawatsitsa pamlatho monga chaka chilichonse, akalowere kugeti. Inu awiri ndiyamba ndakutsitsani pa kadoko. Achimwene ndawauza kale kuti atseke pakamwa."

"Madzi ndi ochepa chaka chino," anatero Damir. "Boti lifika?"

"Lifika. Koma mudumphe msanga, injini sitizimitsa."

"Nanga pobwerera?" anafunsa Renae.

"Pobwerera udzakhala uli mpongozi, mwana iwe! Udzatulukira kugeti akukuimbira nyimbo."

Onse anaseka. Foni ya Damir inalira, anali bambo ake, ndipo anathamangira panja kukayankha ngati mwana wasukulu. Vesna anasendeza mpando.

"Tandiuza, uvala chiyani kumapazi?"

"Ndimaganiza zogula zafulati, poti ndi kumunda."

"Ayi, usadzichepetse. Akazi a kwathu paphwando amatchena, ukabwera ndi zafulati akuyesa wodzatsuka mbale. Bwanji zobiriwira zija unavala ku ukwati? Ndinaziona pa zithunzi zako, utaima pakati pa mphesa dzuwa likulowa. Ndinachita kukusilira."

"Zija zinalowa m'matope, kunagwa mvula. Ndinangozipukuta pamwamba."

"Ndani amayang'ana kunsi kwa nsapato?" anatero Vesna, akutakasa khofi wake.

Renae anabwerera kunyumba akudziimba mlandu kuti ankamuganizira zoipa munthu wabwino chonchi. Sanadziwe kuti Vesna anayamba kuviika mapazi m'beseni la a Stipe asanadziwe kulemba dzina lake. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

*

Lachisanu madzulo mauthenga ankangothamangitsana pafoni.

"Mtima ukugunda. Ndiuze zimene ndiyenera kudziwa," analemba Renae.

"Usakane chakudya. Akakuthirira vinyo, imwa ngakhale pang'ono. Za banja lako lakale usatchule."

"Basi?"

"Basi. Teta Milka akakunyoza, dziwa kuti akukonda."

"Zithunzi zija sukufunabe kuziona?"

"Usayambe."

Apa m'pamene ine ndimamupsera mtima Damir. Za vinyo anakumbuka, za teta anakumbuka, koma za beseni sananene. Ife obadwira m'mphesa timayesa kuti aliyense amadziwa, ngati mmene aliyense amadziwira kuti moto umawotcha. Komanso ankachita manyazi kuti Renae aziona ngati kwawo n'kwa anthu otsalira. Ankadziwa bwino kuti ukwati unali ku Victoria, koma m'mutu mwake munali Craig yekha. Sanafunse kuti unachitikira mu holo kapena m'munda.

*

Loweruka kunacha kotentha. M'boti munadzaza abale, madengu a makeke ndi phokoso. Renae anakwera atavala diresi loyera ndi nsapato zobiriwira zazitali kuchidendene, ndipo Damir anamuyang'ana kumaso kokha.

Teta Milka, mlongo wawo wamkulu wa a Stipe, anali atakhala kutsogolo, atavala zakuda monga amachitira chimwalirire amuna awo, akudzikupiza ndi chipewa.

"Bwera kuno ndikuone, iwe amene wamusowetsa tulo m'bale wanga," anakuwa. Anamuyang'ana Renae kuyambira kutsitsi mpaka m'chiuno. "Waonda. Damir, sumudyetsa? Kapena mumadya chikondi?"

"Ndimadya, teta," anayankha Renae.

"Imvani! Wanditchula kale teta. Ameneyu ndi wachangu. Akuti banja linakukanika?"

Damir anatsokomola, koma Renae sanagwetse maso. "Linatikanika tonse awiri, teta. Iye ankakonda mowa, ine ndinkakonda mtendere."

Teta Milka anaseka mpaka kumenya ntchafu. "Langa silinathe chifukwa malemu anafulumira kufa. Khala apa, pafupi ndi ine. Iwe Damir, pita ukatitengere zakumwa, usangoima ngati mtengo wa magetsi."

Tauni inatsala kumbuyo, mtsinje unayamba kuchepa, madzi n'kusanduka odera. Abale anayamba nyimbo zakale za kunyanja, ndipo teta Milka ankamuphunzitsa Renae mawu, n'kumamuseka akaphonya. Renae anamva kukoma kumene anali asanakumvepo chiyambire chibwenzi chawo. Anadzimva kuti ali ndi malo.

Boti litayamba kuchepetsa liwiro pa kadoko kakale, Vesna anawatsinzinira diso awiriwo. Damir anamugwira dzanja Renae, n'kudumphira pamatabwa. Teta Milka anatembenuka boti likuchoka kale. Anaimirira, chipewa n'kugwa, ndipo anakuwa chinachake akuloza pansi, koma injini inameza mawu awo. Renae anayesa akumutsanzika, n'kukweza dzanja.

*

Mizere ya dida ndi yosiyana ndi ina yonse. Mitengo yake ndi yonenepa, yokhotakhota, makungwa akusendeka, ndipo yaima pa mizu yakeyake, yosapirira nsabwe zija, kuyambira tsiku limene inadzalidwa. M'mawa umenewo anali atathirira, choncho dothi linali lofewa. Renae atangoponda, zidendene zinamira.

"Vesna wandipha!" anatero akuseka. Anatsamira paphewa la Damir, nakweza phazi n'kupalira matopewo patsinde la mtengo umodzi. Anayenda pang'ono, zinamiranso, napaliranso pa mtengo wina. Damir ankangoseka naye.

Atafika pakati pa munda, Damir anaima.

"Pano m'pamene Tata anafunsira malemu Mama," anatero. "Akuti anachita chibwibwi mpaka Mama anawayankha asanamalize."

Anagwada m'dothi lonyowalo, natulutsa mphete m'thumba la malaya.

"Renae, ndakuzunza, ndikudziwa. Ndine wamantha, koma ndimakukonda kuposa chilichonse chimene chili pamunda pano. Udzakhale mkazi wanga."

"Kuposa mphesa?"

"Kuposa mphesa."

"Dzuka, thalauza lada," anatero Renae akulira ndi kuseka nthawi imodzi. "Ndavomera. Ndinavomera kalekale, iwe ndi amene unkachedwa."

*

Kuseri kwa nyumba, pansi pa chisakasa cha mphesa, tebulo lalitali linali litadzaza. Nkhosa inkazungulira pamakala, fungo lili ponseponse. Abale a m'boti anali atafika, nsapato zawo zidakali zonyowa ndi madzi a m'beseni. A Stipe anali kumutu kwa tebulo, mpeni uli m'manja.

Damir ndi Renae atatulukira, phokoso linazima. A Stipe anayang'ana mwana wawo, kenako mkaziyo, kenako mphete. Anthu onse anali kuwayang'ana, ndipo iwo ankadziwa.

"Mlendo wofika patebulo sabwezedwa," anatero mano atalumana. "Khalani, mayi."

Teta Milka anakoka mpando pafupi nawo. Nkhope yawo inali yosakhazikika, koma sananene kanthu za kadoko. Anamudzazira Renae mbale, ndipo iye anadya monga anauzidwira.

"Stipe, taona mmene akudyera nkhosa yako," anatero teta. "Osati ena amene amangotolatola ngati mbalame."

A Stipe anatenga botolo lopanda chizindikiro, vinyo wa m'mizere ya dida amene amatsekulidwa pa tsiku limeneli lokha, nathirira aliyense. Atafika pa Renae anakayika, kenako anathira.

"Mukumumva bwanji?" anafunsa mouma.

"Ine vinyo sindimudziwa, bambo Peranich, ndisaname," anayankha Renae. "Koma uyu akukoma ngati anapangidwa ndi munthu wouma mutu."

A Stipe anaseka, kuseka kwenikweni kochokera m'mimba, ndipo tebulo lonse linaseka nawo. Damir anapuma. Kumapeto kwa tebulo, Vesna anaika foloko pansi.

A Stipe anapukuta m'maso, nakhala. Kenako anakwinya pamphumi ngati akumbukira chinthu.

"Koma pageti sindinakuoneni. Ndaima pamenepo m'mawa wonse. Mwadzera kuti?"

"Kumtsinje, Tata," anayankha Damir.

"M'mizere ya dida?"

"Eya, Tata."

Maso a nkhalamba anatsikira pansi pa tebulo. "Mapazi amenewa achokera kuti?"

"Ku Perth," anatero Renae akumwetulira, poyesa ndi nthabwala ina.

"Aa, koma si zija unavala ku ukwati ku Victoria?" Mawu a Vesna anali ofewa ngati a mwana. "Bambo Stipe, muone mmene anakongolera. Ukwati wake unali m'munda wa mphesa, sabata yatha yomweyi." Anadzuka, nawapatsa foni.

A Stipe anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Kenako anagwada pamaso pa Renae, mawondo akulira.

"Vulani."

"Bambo Peranich, ndi matope chabe, ndipukuta..."

"Ndati vulani!"

Anatenga nsapato imodzi, naitembenuza, n'kupala ndi nsonga ya mpeni pakona pamene chidendene chimakumana ndi chopondera. Pa mbale yoyera panagwa dothi lakuda lonyowa, lathu la kumtsinje. Anapalanso. Panagwa kachibuma kouma kofiira.

"Ili si dothi langa," anatero.

"Damir, chikuchitika n'chiyani?" anafunsa Renae. Teta Milka ndi amene anamugwira dzanja n'kumufotokozera mwachidule za nsabwe, za ku Dalmatia ndi za lumbiro.

"Ndinapalira matope pa mitengo," ananong'ona Renae. "Pa tsinde. Kangapo."

Akanatha kukhala chete, palibe akanadziwa. Koma sanali munthu wobisa. Mayi wina anadzilemba mtanda. A Stipe anagwira m'mphepete mwa tebulo kuti adzuke, ndipo ataima anaoneka okalamba kuposa mmene analili m'mawa.

"Damir, ndiyang'ane. Mayi awa ndi a m'tauni, mwina sadziwa. Iwe unabadwira pano. Unawauza za nsapato, kapena unawalowetsa m'mizere ya dida wako osawauza? Chifukwa ngati ndiwe, lero lomwe ulongedze zovala zako. Ndilibe mwana."

Damir anayang'ana kumizere. Anayang'ana nyumba imene anabadwiramo. Pomaliza anayang'ana Renae, maso ake akupempha.

"Ndinamuuza, Tata," anatero. "Ndinamuuza kuti agule zatsopano. Kungoti sindinayang'ane kumapazi."

Renae anamuyang'anitsitsa Damir. Mwamuna amene thalauza lake linali lidakali ndi matope a pamene anamugwadira ndi amene ananena zimenezi. Chinamupweteka kwambiri si bodzalo ayi, koma kuti linatuluka mosavuta.

A Stipe anaika nsapato zonse ziwiri ndi mbale ija mu jumbo, namanga mfundo.

"Nsabwe zimenezi sizionekera lero," anatero, osakwezanso mawu. "Zimadya mwakachetechete, zaka ziwiri, zitatu, kenako mtengo umafota. Lolemba ndiitana a zaulimi adzakumbe ndi kufunsa mafunso. Mizere ikadzakhala yamoyo pakatha zaka zitatu, tidzakambirane za mphete imeneyo. Ikadzafa, mayi inu mudzakhala mwawapha kachiwiri bambo anga. Tsopano tulukani. Mudzere kugeti."

*

Kuchokera kunyumba kufika pageti ndi njira ya timiyala, ndipo masana amenewo timiyalato tinkawotcha. Renae anayenda wopanda nsapato, mutu uli chilili, anthu akumuyang'ana kumsana. Ankadikira kumva mapazi a Damir akumuthamangira. Amene anamva anali a Vesna.

"Pepa, mnzanga, sindimadziwa kuti zifika pamenepa. Ndikubwereke zanga?"

"Unkadziwa," anatero Renae osatembenuka.

"Ndani angakukhulupirire?" anayankha Vesna motsitsa, nabwerera kutebulo.

Pageti Renae anaima. Palibe anamuuza, koma analowetsa mapazi ake m'beseni, limodzi kenako linzake. Mankhwala analuma pamene timiyala tinamucheka. Atacheuka anaona Damir ali chiimire pakhonde, atagwira mkono wa bambo ake. Amene ankabwera pang'onopang'ono, chikwama chili m'khwapa, anali teta Milka.

"Kwa ine phwando latha," anatero. "Tiye kumlatho. Mnyamata wa boti uja atibweza, afune asafune."

*

Pobwerera munalibe nyimbo. M'boti munali awiri okhawo, ndi mchimwene wake wa Vesna amene ankayang'ana kutsogolo ngati khosi lauma. Teta Milka anavula mpango wawo n'kumukulunga Renae kumapazi. Atadutsa pa kadoko kaja, anaona amuna akumanga kale zingwe kuzungulira mizere ya dida kuti wina asalowemo. Renae anabisa nkhope.

Foni inanjenjemera m'chikwama. Unali uthenga wa Damir.

"Renae, ndikhululukire, ndinachita mantha. A zaulimi akakufunsa Lolemba, unene kuti ndinakuuza. Ukanena zina Tata andithamangitsa, ndipo sipadzakhala munda, sipadzakhalanso ife. Zaka zitatu si zambiri. Ngati umandikonda, undisenzereko katundu ameneyu."

Anawerenga kawiri. Misozi inagwera pagalasi la foni, mawu n'kumaoneka okhota. Ankamukondabe, ndipo zimenezo n'zimene zinkamukwiyitsa koposa.

Nyumba za m'tauni zinayamba kuonekera. Teta Milka anatembenukira kwa Renae.

"Mwana wanga, Damir ndinamulera ndine mayi ake atamwalira. Akamanama, makutu ake amafiira. Lero anafiira. Koma Stipe sangamve za makutu, afuna mawu ochokera pakamwa pako. Akadziwa kuti wolakwa ndi mwana wake, iwe akupepesa pamaso pa onse amene anakuona ukuyenda pa timiyala. Koma Damir sadzapondanso pamunda paja, m'bale wanga ndimamudziwa. Ukakhala chete, chigwa chonse chidzakutchula mkazi amene anabweretsa nsabwe, ngakhale mitengo itapanda kufa."

"Teta, chonde..."

"Mawa m'mawa ndikubwerera kumunda. Chimene undiuze pano ndi chimene ndikanene, sindiwonjezera ndipo sindichotsera." Anamugwira chibwano n'kumudzutsa nkhope. "Ndiyang'ane, Renae. Anakuuza, kapena sanakuuze?"

Renae anakoka mpweya kuti ayankhe. Foni inayamba kulira m'manja mwake. Anali Damir.